Chitseko Chimene a Daka Sanachitsegule

A Daka tinawaika m'manda mwezi watha, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndikuyenda ndi chinthu pakhosi chimene chikukana kutsika. Si imfa yawo ayi. Munthu anali wamkulu, anadwala, wapuma, zimenezo n'za Mulungu. Chimene chanditsamwa ine ndi mawu amene anakambidwa pamanda paja.

Anaimirira a hedi akale a sukulu yathu ya sekondale, nkhalamba yoyendera ndodo tsopano, amene anachita kubwera pa galimoto kuchokera ku Lusaka. Anati malemu Yotamu Daka anali mzati wa sayansi m'boma lino la Luangwa. Anati anali mnzawo wapamtima. Anatinso pofuna kuwakumbukira, akambirana ndi akusukulu kuti dzina lawo lilembedwe pachitseko cha labu. Azibambo anagwedeza mitu, amayi a kwaya n'kuyambitsa nyimbo. Ine ndinaseka, ndithu, pamaliro, mpaka mayi amene anaima pambali panga ananditsina pamkono. Nanga ndikanatani? A Daka anagwira ntchito pasukulu imene ija kuyambira unyamata wawo mpaka imvi, koma kiyi wa chitseko chimenecho sanamugwirepo m'manja mwawo. Amene anawamana kiyiyo ndi omwewo anali kupukuta maso ndi kahanki pamanda.

Ndiye ndati ndilembe zimene ndikudziwa, poti ine ndinakhala m'kalasi mwawo, ndipo pambuyo pake ndakhala ndikuwasokera zigamba pamakina anga kumsika wa pa Boma mpaka chaka chino.

Anali munthu wamfupi, wakuda bii, wochokera cha ku Petauke. Boma linawatumiza kuno ali mnyamata kuti adzaphunzitse kemisitiri. Anzawo amene anabwera nawo ankalira kutentha, ankalira njovu, ankalira msewu, ndipo chaka chisanathe anali atapempha kale kusamutsidwa. Iwo anakwatira mkazi wa Chikunda, namanga nyumba, basi n'kukhala munthu wakuno. Ankavala chikhoti choyera chofika m'mawondo, chija amavala anthu ogwira ntchito m'labu, ngakhale mu Okutobala pamene mbuzi zomwe zimabisala pansi pa nkhokwe. Thukuta lili kamukamu, iwo mabatani atamanga mpaka pakhosi. Tikawaseka ankatiyankha kuti msilikali savula yunifolomu chifukwa choti am'mana mfuti.

Musaganize kuti anali munthu wofatsa. Iyayi, pakamwa anali napo. Tsiku lina anandiitana kubolodi kuti ndipeze kulemera kwa molo imodzi ya madzi. Ndinachita bwinobwino: haidirojeni awiri, aliyense 1, kuwonjezera okosijeni amene ndi 16. Ndinalemba 18, n'kutembenuka ndikumwetulira, kudikira kuyamikiridwa.

"18 chiyani, iwe?" anandifunsa. "Mbuzi? Ng'ona? Kapena ndi anyamata amene akukufunsira?"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko.

"Magalamu, aphunzitsi."

"Manje wawabisiranji?"

Anandipatsa ziro. Kwa iwo nambala yopanda dzina lake inali ngati mwana wotayidwa pamsewu, wosadziwika kwawo. Ndinawada teremu yonseyo, ndikunena zoona. Koma mpaka lero munthu akabwera pamakina anga n'kunena kuti chiuno chake ndi 34, ndimamva mawu awo m'khutu, ndipo ndimatenga tepi kuti ndiyeze ndekha.

Za molo zimene zimazunguza ana mitu, iwo ankazikamba ngati nkhani ya kumsika. Ankati palibe wopenga amene amawerenga kapenta mmodzimmodzi, tonse timagula pa meda, kachigubu kodula kaja. Maatomu ndi ang'onoang'ono kuposa diso la kapenta, ndiye anthu a sayansi anapangana meda yawo, dzina lake molo. Koma meda ya kumsika imasintha malinga ndi dzanja la wogulitsa, pamene molo sinama. Chiwerengero cha tizinthu timene tili m'molo n'chimodzimodzi, kaya ndi ya madzi kaya ndi ya mchere, chimene chimasiyana ndi kulemera kokha. Molo ya madzi ndi magalamu 18, ya mchere wathu wam'ndiwo ndi magalamu 58 ndi theka. Ukafuna kudziwa kuti uli ndi mamolo angati, gawa kulemera kwa chinthu chako ndi kulemera kwa molo yake imodzi. Zaka zonsezi zapita, ine telala, koma izi mukhoza kundidzutsa nazo kutulo.

Ikwezhoni nayo ankaiyerekeza ndi bwato lowolokera ku Zumbo. Onse amene akwera pagombe lino ayenera kutsika tsidya lija. Angasinthane malo pakati pa madzi, wina angatsike atagwirana manja ndi munthu amene sanakwere naye, zilibe kanthu. Koma akakwera khumi n'kutsika asanu ndi anayi, ndiye kuti wina wagwa m'madzi, bwerera ukamufune. Ukasiya atomu imodzi osaiwerenga mbali ina ya ikwezhoni, ankakuimiritsa n'kufunsa kalasi kuti kodi angakwere bwato la woyendetsa ngati uyu.

Labu ija inamangidwa iwo ali kale pasukulupo. Anthu akufuna kwabwino akunja anatumiza makatoni odzaza ndi zipangizo zagalasi ndi mabotolo a mankhwala. Amayi Daka, akazi awo, anandiuza kuti sabata imene makatoniwo anafika ndi imene amuna awo anakagula nsalu yoyera n'kusoketsa chikhoti chija. A hedi anawerenga katundu yense, anasainira, anatseka chitseko, kiyi n'kuponya m'thumba. Nkhani inathera pomwepo.

Chifukwa chake ndi ichi, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchito ya boma achidziwa. Oyendera masukulu akabwera amawerenga katundu. Chikasowa kapena kusweka, amafunsidwa ndi amene anasainira. Palibe woyendera amene anafunsapo ngati mwana wagwirapo chipangizo, funso lawo linali loti kodi zipangizo zilipo zonse. A hedi ndiye anapeza kuti njira yabwino yosungira galasi ndiyo kusaligwiritsa ntchito. Ndipo nzeru imeneyi inawapindulira, chifukwa nthawi zonse sukulu yathu inkatamandidwa kuti imasamala katundu wa boma. Labuyo inkatsegulidwa kamodzi pachaka, mayeso a pulakitiko a giredi 12 akafika. Dzulo lake a Daka ankaloledwa kulowa kuti asakanize mankhwala, a hedi atakhala pampando pakhomo, kiyi ali m'manja. Mayeso akatha, zonse zinkabwerera m'makatoni.

Mkangano wawo tinkaumva tili m'kalasi, poti ofesi inali pafupi ndipo a Daka sankadziwa kunong'ona.

"A hedi, ndipatseniko kiyi. Ana a giredi 11 afika pa maasidi."

"A Daka, ana akumudzi awa manja awo anazolowera khasu ndi nkhafi. Akaswa adzayankha ndani?"

"Ndidzayankha ine."

"Siginecha ndi yanga, si yanu. Jambulani pabolodi, choko chilipo chambiri."

"Kodi inuyo njinga munaphunzira kupalasa pabolodi?"

Chitseko cha ofesi chinkamenyedwa, a Daka n'kulowa m'kalasi maso ali psu, ndipo tsiku limenelo tinkadziwa kuti wina alira.

Ndiye ankabwera ndi labu yawo panjinga, m'katoni yomangidwa ndi mphira. Asidi wawo anali madzi a bwemba. Mnzake wolimbana naye anali chidulo, madzi a phulusa aja amayi amathira m'therere. Ankawiritsa maluwa ofiira a lumanda, madzi ake n'kudonthezera m'botolo la bwemba, n'kukhala lofiira. Kenako chidulo, dontho limodzilimodzi, akugwedeza, mpaka kufiira kuja kuzimirira n'kuyamba kubiriwira. Ukafulumira dzanja ankakumenya ndi rula pazala, amvekere kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero anthu amazikamba izi mosangalala, ati a Daka anali ndi luso. Iwo eni ake sankanyadira m'pang'ono pomwe. Ankatiuza kuti botolo la zakumwa lilibe mizere, silingatipatse nambala, ndipo kemisitiri yopanda nambala ndi masewera a ana. Ankati umphawi wathu ndi wochita kupangidwa ndi munthu, chifukwa chuma chili kuseri kwa khoma lomwe tatsamiralo.

Ana a masiku ano sanawadziwe a Daka amenewa. Iwo anadziwa nkhalamba ina ya chikhoti cha zigamba, yokankha njinga pamsewu wa kumsika, imene ankaikuwiza kuti, "A Kachasu! A Kachasu!" n'kuthawa. Mukanawafunsa anawo chifukwa chake, sakanakuuzani. Anamva akulu akutero. Munthu amene mowa sunadutsepo pakhosi pake, amene pa ukwati wa mwana wake anamwa tiyi, anafa ndi dzina la chidakwa. Dzinalo linachokera pa tsiku limodzi, koma kuti mulimvetse tsikulo ndiyambe ndakamba za Lusiya.

Lusiya anali mwana wa msodzi wa kugombe, patsogolo pathu ndi kalasi imodzi. Mutu wake unali wina. Masamu a mamolo amene ife tinkadzaza nawo pepala, iye ankangoyang'ana kudenga n'kutchula yankho, dzina la nambala osaiwala. Ankafuna kukaphunzira za mankhwala, ndipo a Daka, amene sankatama munthu, ankati uyu yekha ndiye awoloke.

Pa mayeso a pulakitiko mwana amapatsidwa byureti. Ndi galasi lalitali lokhala ndi mizere ya manambala ndi kampopi kumunsi. Umathiramo asidi, n'kumatsegula kampopiko pang'onopang'ono kuti adonthere m'kabotolo mpaka mtundu usinthe, kenako n'kuwerenga kuti wathira wochuluka bwanji. Lusiya anali atajambula byureti kambirimbiri m'kope mwake, koma kampopi kojambula sikazungulira. Ka tsiku limenelo kanali katalimba chifukwa chokhalitsa m'katoni. Anakapotokola mwaulemu, kanakana. Anaikapo mphamvu, kanatseguka konse, asidi yense khuthu, mtundu n'kudumpha iye asanawerenge kanthu. Anayesanso mofulumira, chigongono chinagunda kabotolo, kanagwa pansi phwaa. Mankhwala amene anam'gawira anatha. A Daka sankaloledwa kulowa nthawi ya mayeso, ndiye anaima panja pazenera, n'kuona zonse.

Potuluka, Lusiya sanalire. Anaima patsogolo pawo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, simunatiuze kuti kampopi kaja kamalimba."

Amayi Daka amati amuna awo atafika kunyumba anakana chakudya, n'kungonena kuti mwana wagwa m'madzi iwo akuona. Koma a hedi anapezapo umboni wawo. Anatola zidutswa za kabotolo kaja, n'kukaziika patebulo la a Daka kuti aone okha: tsiku limodzi chabe aswa kale, nanga akanapatsidwa chaka chonse? Zotsatira zitabwera, kemisitiri ya Lusiya inali itatsika, malo a ku koleji anam'phonya. Bambo ake analibe mphamvu zom'bwezera kusukulu. Mvula yotsatira isanagwe anali atakwatiwa tsidya lija, ku Zumbo.

Chaka chotsatira mayesowo ife tinafika pamutu wa kulekanitsa zamadzimadzi zosakanikirana pozitenthetsa. Pamafunika kondensa, galasi lokhala ndi galasi linzake m'kati, m'mene nthunzi imazizira n'kusandukanso madzi. Kondensayo inalimo m'katoni, a Daka ankaiona chaka ndi chaka pa nthawi yowerenga katundu. Anapitanso ku ofesi. Ulendo uno sitinamve phokoso, anangobwerako mwakachetechete, n'kutiuza kuti mawa tibwere ndi makope ndi nsapato zoyendera.

Inali nyengo ya masau. Wakuno aliyense adziwa kuti masau akapsa, mudzi wonse umanunkha masau, ndipo kuseri kwa nyumba zambiri utsi umafuka chifukwa amayi akutcheza kachasu. Anatindandalitsa awiriawiri, iwo patsogolo ndi chikhoti chawo, mpaka tinafika kwa amake Zuze, mayi wamasiye amene kachasu wake ankadziwika mpaka kugombe. Anali atakambirana nawo kale. Omwa onse mayiwo anali atawathamangitsa, bwalo atasesa, iwo atavala chitenje chatsopano ngati kukubwera alendo a tchalitchi.

Panali diramu pamoto, m'kati muli masau osasa, chivundikiro atachimata ndi dothi. Paipi inatuluka m'diramumo n'kudutsa m'chimtengo chogoba chodzaza madzi ozizira, kumapeto kwake kuli botolo. A Daka anaima pambali pake, nkhope ikuwala mmene sindinaionerepo.

"Bwerani mmodzimmodzi," anatero. "Gwira apa. Watentha? Manje gwira apa, paipi itatuluka m'madzi. Pazizira? Iyi ndiye kondensa. Usadzanene kuti sunaionepo."

Anatifotokozera kuti mowa umawira pa madigiri 78, madzi pa 100, ndiye moto ukakhala wodekha mowa ndi umene umayamba kukwera ngati nthunzi, madzi ambiri n'kutsala m'diramu. Nthunziyo ikafika pozizira imasanduka madontho. Anatiuza kuti tikolezere moto kwambiri tione, ndipo madontho anachuluka koma amake Zuze anakuwa kuti tiwaonongera mowa, usanduka madzi. Madzi a m'chimtengo atafunda, madontho anachepa, tinachita kutunga ena. Anathira pang'ono pa supuni n'kuyatsa machesi, lawi lobiriwira ngati kumwamba linavina pamenepo, tonse n'kuti haa! Anawauzanso amake Zuze kuti madontho oyambirira, amene omwa amati mutu, azitaya, chifukwa mumakhala zoipa zina zimene zimawira msanga kuposa mowa weniweni. Mayiwo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Aphunzitsi, mutuwo ndiye amalimbirana! Ndikataya adzanditentha nyumba."

Palibe mwana amene analawa ngakhale dontho. A Daka anali ataima pakati pa ife ndi botolo ngati nkhuku ya anapiye. Ine tsiku limenelo ndi limene ndinadziwa kuti kemisitiri imatentha, imanunkha, imadontha, si zolemba za pabolodi chabe. Tinabwerera tikukangana za madigiri njira yonse.

Cholakwa chawo chinali chimodzi. Pobwerera anatidutsitsa msewu wa kumsika, masana dzuwa lili pamutu, tili m'mayunifolomu, tikununkha utsi ndi masau osasa. Munthu wochenjera akanatizembetsa njira ya kuminda. Iwo sanaone chobisa, poti kwa iwo tinali kuchokera m'kalasi. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Pofika Lamlungu nkhani inali yoti ana asukulu analedzera, atsikana anachita kunyamulidwa, ndipo diramu lija ndi la a Daka, amake Zuze amangowatchezera.

Akusukulu anaitanitsa msonkhano wa makolo. Ife ana sitinaloledwe, koma amayi anga analipo ndipo anandifotokozera zonse. A Daka anabwera ndi pepala lalikulu limene anajambulapo kondensa mbali imodzi, paipi ya amake Zuze mbali ina, kuti makolo aone kuti ndi chinthu chimodzi. Anapempha kuti a hedi atsegule labu, atulutse galasilo, anthu alione ndi maso.

"Nkhani yathu lero si ya makatoni," anayankha a hedi. "Nkhani ndi ya khalidwe."

Bambo wina anaimirira. "Ife ana tinawatumiza kusukulu kuti achoke ku kachasu. Inu mwawatenga n'kuwabwezera komweko!"

Bambo ameneyo sindimamuda. Mng'ono wake anali atamira mu Zambezi ataledzera, mtima wake unali ndi bala. Amene ndimawada ndi ena aja, amene ankadziwa bwinobwino kuti ana awo anabwera kunyumba ali bwino, akukamba za madigiri, koma anakhala duu ngati athiridwa madzi. Ambiri a iwo yunifolomu ya mwana inachokera m'diramu lomwelo la masau. Amake Zuze anabwera, anaima pakhomo n'kupempha kuti akambe zimene anaona. Anawabweza, ati wotcheza kachasu salankhula pamsonkhano wa sukulu. Amayi anga nawo sanatsegule pakamwa. Nditawafunsa anati nkhani za anthu ophunzira azithetse okha, ndipo mawu amenewo anandiwawa kuposa kundimenya.

Sanawachotse ntchito ayi, anachita choposa pamenepo. Anawalanda kemisitiri n'kuipereka kwa mphunzitsi wa masamu amene ankangokopera manotsi pabolodi. A Daka anawapatsa dimba la sukulu ndi ntchito yoyang'anira ana posesa. Lolemba m'mawa, pamaso pa sukulu yonse, a hedi anawaitana kutsogolo n'kuwapatsa kiyi. Anali kiyi wa kanyumba kosungiramo makasu. Anamulandira ndi manja awiri, anamuyang'ana, n'kumumangirira pachingwe m'khosi. Ndiye kiyi yekhayo amene sukulu ija inawapatsapo.

Anakhala m'dimbamo mpaka kupuma ntchito, chikhoti chili pathupi, akuthirira repu. A hedi aja anakwezedwa n'kupita ku Lusaka. Amene anabwera pambuyo pawo anapeza zinthu ziwiri, mbiri yoti a Daka ndi a kachasu, ndi mbiri yoti sukulu imasamala katundu, ndipo anasunga zonse ziwiri. Amayi Daka anakangana nawo amuna awo mpaka kutopa, kuti tiyeni tipite kwanu, kapena kiyi wa makasuyo mumuponye mu Luangwa ng'ona zimeze. A Daka ankakana, ati tsiku limene adzatsegule labu pafunika pakhale munthu wodziwa kuti botolo ili ndi lachiyani. Mayeso akayandikira, makolo omwe aja ankatumiza ana awo kwa a Daka, koma kudzera njira ya kuseri, kuti anthu asaone. Iwo sankabweza mwana. Ankawakhazika pakhonde, n'kumalemba maikwezhoni pasimenti ndi khala, akukalipa ngati kale.

Ndinakawaona kuchipatala atatsala pang'ono. Anali atatha, mawu akutuluka movutikira, koma anandizindikira.

"Iwe wa 18," anatero. "Chaka chino atsegula?"

"Iyayi, aphunzitsi. Manje ati pulakitiko achitira m'kalasi, ndi zipangizo zobwereka kusukulu ina. Ati zam'katoni zija zakalamba."

Anatseka maso. Ndinaganiza kuti atukwana, ndipo ndinkafuna atukwane. Koma anati, "Ukawauze kuti mabotolo a asidi aja akhalitsa. Tsiku lotsegula asadzatume mwana. Alowe munthu wamkulu, ayambe watsegula mawindo."

Ndinatuluka m'chipindamo ndikulira ndi ukali.

Pamanda paja, a hedi akale atamaliza mawu awo okoma, amayi Daka anadzuka pamphasa. Anthu anayesa kuwagwira, iwo anawakankha. Anayenda mpaka pamene panaima nkhalamba ija, anaitambasula dzanja, n'kuikamo kiyi wa makasu ndi chingwe chake chakuda ndi thukuta.

"Katundu wa boma uyu," anatero. "Muwerenge, alipo yense."

Kwaya inaimba mokweza kuti anthu asamve, koma tinamva. Chikhoti chija anali atawaveka malemuwo m'bokosi.

Lusiya anawoloka kudzalira maliro. Ndi mayi wamkulu tsopano, amagulitsa nsomba zamchere, manja ake anang'ambika ndi mchere. Sabata yatha anabweranso ndi katundu wake, n'kundipeza pamakina.

"Shamwali, ati alemba kale dzina lija. Tiye tikaone."

Tinapita masana, ana ataweruka. Alembadi, ndi penti yobiriwira, zilembo zikuluzikulu zowongoka bwino. Pansi pa dzinalo pali loko watsopano wonyezimira, poti wakale anali atachita dzimbiri ndipo anati sakugwirizana ndi penti. Mlonda anatiuza kuti kiyi ali ndi a hedi a pano, ndipo a hedi apita kumsonkhano ku Lusaka. Ndinam'patsa uthenga wa mabotolo a asidi kuti akanene. Anati akanena, akuyang'ana kumbali.

Tinazungulira kuseri, kuzenera lomwe lija a Daka anaimapo tsiku la mayeso a Lusiya. Galasi limodzi linasweka, ndiye tinasuzumira mosinthana. Fungo la mileme linatimenya m'mphuno. Matebulo a simenti ali m'mizere yake, masinki adzaza fumbi ndi mapiko a tizilombo, m'mipopi mavu amangamo nyumba. Makatoni aja ali pakona pomwe anawasanja, koma chiswe chadya am'munsi, mulu wonse wapendekeka, magalasi ena agwera pansi m'dothi la chiswe. Kondensa ikuonekera theka, ikadali m'pepala limene inabwera nalo. Mabotolo ali pashelefu, mapepala a mayina ake anayoyoka, palibenso amene angadziwe kuti muli chiyani. Lusiya anayang'ana nthawi yaitali mtolo wa mabyureti umene wagona pansi, kenako anangopukuta manja ake pachitenje.

Bolodi la m'menemo likadali lakuda bii, choko sichinalikhudzepo. Pambali pake, kuseri kwa tebulo la mphunzitsi, amisiri anakhoma msomali woti munthu azikolekapo chikhoti akamaweruka. Msomaliwo wachita dzimbiri, ndipo palibe chimene chinakolekedwapo.